Pemphero ndi Ma ARV Ziyendere Limodzi: Phunziro la Mipingo ndi Mizikiti ya ku Chiradzulu

Phunziro ili lakonzedwa kuti likambidwe m'magulu: pa mphakati, pa mlaga, pa msonkhano wa amayi a Mvano, a Dorika kapena a Dawa, m'gulu la achinyamata, ngakhalenso pabwalo la mzikiti mapemphero a Lachisanu akatha. Mmodzi awerenge mokweza ena akumvetsera, ndipo pomaliza mukambirane mafunso amene ali kumapeto. Wotsogolera aonetsetse kuti pasapezeke wokakamizidwa kuulula za m'magazi mwake pa zokambiranazi.

Cholinga cha phunziroli

Pomaliza phunziroli, aliyense athe kufotokoza chifukwa chake mpingo ndi mzikiti zili ndi gawo lalikulu pa nkhondo yolimbana ndi kachirombo ka HIV, azindikire m'mene kusalana kumaonekera pakati pa anthu opemphera, adziwe zimene zimachitika m'thupi munthu akasiya ma ARV, ndipo gulu ligwirizane zinthu zoti liyambe kuchita.

Kumene tachokera

Munthu woyamba kupezeka ndi Edzi m'Malawi muno anapezeka m'chaka cha 1985. Kwa zaka zoposa 15 zotsatira, munthu wa kumudzi analibe kopeza mankhwala. Makolo athu amaikumbukira bwino nthawi imeneyo, pamene adzukulu ankangokhalira kumanda ndipo makwaya ankachezera m'masiwa sabata ndi sabata. Amene ankasambitsa odwala, kuwaphikira phala ndi kutola ana amasiye, ambiri anali amayi a m'mipingo ndi m'mizikiti. Ntchito imeneyi tisaiiwale. Komanso tisaiwale kuti m'nyumba zopemphereramo zomwezo munkamveka maulaliki akuti Edzi ndi chikwapu cha Mulungu kwa anthu achiwerewere, ndipo odwala ambiri anamwalira ndi manyazi, akubisala kuchipinda.

Boma lathu la Chiradzulu ndi limodzi mwa malo oyambirira m'dziko muno kumene anthu a kumudzi analandira ma ARV aulere. Bungwe la Médecins Sans Frontières, limene ambiri timangoliti MSF, mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo, linayamba kupereka mankhwalawa pachipatala chachikulu cha boma lino mu Ogasiti 2001. Ndondomeko ya ma ARV aulere ya dziko lonse inadzayamba mu 2004. Kenaka mankhwala anafika m'zipatala zing'onozing'ono monga Namitambo, Nkalo, Mbulumbuzi, Milepa, Namadzi ndi PIM. Mu 2011 dziko lathu linayamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachirombo, ndipo kuyambira 2016 aliyense wopezeka nako amayamba mankhwala osadikira kuti adwale kaye.

Kafukufuku amene anachitika ku Chiradzulu mu 2013 anapeza kuti anthu 17 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 59 anali ndi kachirombo. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti akuluakulu pafupifupi 9 mwa 100 alionse ali nako. Mwa iwowa, 88 mwa 100 ankadziwa za m'magazi mwawo; mwa odziwawo, 98 mwa 100 ankamwa ma ARV; ndipo mwa omwa mankhwalawo, 97 mwa 100 kachirombo kanali katagonja m'magazi mwawo. Manambalawa akutiuza zinthu ziwiri. Choyamba, mankhwala akugwira ntchito. Chachiwiri, palibe mpingo kapena mzikiti kuno kwathu umene mulibe munthu yemwe ali ndi kachirombo. Ali m'kwaya, ali pabenchi la akulu ampingo, ali pamzere woyamba wa swala.

Chifukwa chiyani mpingo ndi mzikiti?

Tiyeni tiwerengetsere limodzi. Munthu amene akumwa bwino ma ARV ndipo thupi lake lili bwino, amalandira mankhwala a miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi. Ndiye kuti ife a zaumoyo timamuona kawiri kapena kanayi basi pachaka. Munthu yemweyo amapita kutchalitchi kapena kumzikiti ka 52 pachaka, osawerengera mapemphero a pakati pa sabata, maliro ndi maukwati. Piritsi lake ayenera kumwa masiku onse 365, ali kunyumba, namwino palibe. Amene amamva mawu awo pafupipafupi m'masiku amenewo ndi abusa, bambo mfumu, shehe, mkulu wampingo ndi mayi wapampando. Mawu a anthu amenewa angathe kumulimbitsa kuti apitirize mankhwala, ndipo mawu omwewo angathe kumuchititsa kuti ataye botolo m'chimbudzi.

Chinanso n'chakuti mabungwe amabwera ndi kupita. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lambiri lopita kumaiko ena, ndipo ntchito zina za m'midzi zokhudza HIV zinasokonekera m'madera ambiri a dziko lino. Koma belu la tchalitchi linalirabe Lamulungu, azana inamvekabe m'bandakucha. Mpingo ndi mzikiti sizisamuka m'mudzi.

Kuno ku Chiradzulu chipembedzo ndi mankhwala zinayamba kalekale kuyendera limodzi. Chipatala cha St Joseph ku Nguludi ndi cha mpingo wa Katolika, ndipo pali sukulu yophunzitsa anamwino. Mishoni ya PIM ku Mbombwe, imene Mbusa John Chilembwe anaiyambitsa mu 1900, inatsegulidwanso mu 1926 ndi Dr Daniel Malekebu, mwana wa boma lino amene anakaphunzira udokotala ku America. Munthu mmodzi yemweyo ankalalikira paguwa ndi kupereka mankhwala kwa odwala, ndipo sankaona kuti ziwirizi zikulimbana.

M'mene kusalana kumaonekera pakati pathu

Masiku ano n'kovuta kupeza munthu akuthamangitsidwa mumpingo poyera chifukwa cha kachirombo. Kusalana kwa lero n'kwakachetechete. Mayi amene ankaphika pa misonkhano ya mpingo amangouzidwa kuti apume kaye. Bambo amene anayenera kusankhidwa ukulu wampingo dzina lake limangosowa pa mndandanda. Wina akamwera chikho cha mgonero, wotsatira amachidumpha. Pa mapemphero wina amaimirira n'kunena kuti tipempherere mlongo wathu uje, mukudziwa kale vuto lake, ndipo pofika madzulo mudzi wonse wamva. Mayina akale aja monga kaliwondewonde, magawagawa ndi maliro oyenda amamvekabe m'manong'onong'o, ngakhale kuti munthu womwa ma ARV amalima, amabereka ndipo amakalamba ngati wina aliyense.

Zotsatira zake timaziona ife alangizi a zaumoyo. Pali anthu amene amalumpha chipatala cha pafupi n'kukatenga mankhwala kutali, ngakhale ku Limbe, poopa kukumana ndi a mumpingo mwawo pamzere. Tsiku limene ndalama yokwerera minibasi yasowa, mankhwalanso aduka. Pali amayi amene amabisa botolo m'thumba la chimanga kuti amuna awo asalione. Pali abambo amene safuna n'komwe kuyezetsa mpaka atawatengera kuchipatala pa machira, chifuwa chachikulu chitawagwira kale. Kusalana kumapha kudzera m'njira zimenezi.

Tikumbutsane zoona zake. Kachirombo ka HIV sikafala pomwera chikho chimodzi, kudyera mbale imodzi, kugwirana chanza, kubatizidwa m'madzi amodzi, kutawaza pa mpopi umodzi kapena kugwada pa mkeka umodzi. Kamafala pogonana mosadziteteza, kudzera m'magazi monga pobwerekana malezala ndi masingano, ndiponso kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana ngati mayiyo sakumwa mankhwala.

Nanga funso lija lakuti anachimwa ndani? Ambiri mwa amene ali ndi kachirombo anakatengera m'banja lodalitsidwa kutchalitchi kapena kumzikiti. Ena anabadwa nako. Ena anagwiriridwa. Ndipo ngakhale iye amene analakwitsa panjira, malo ake obwererako ndi kunyumba ya Mulungu komweko. Akhristu akumbukire nkhani ya pa Yohane mutu 9, pamene ophunzira anafunsa za munthu wobadwa wosaona, ndipo Yesu anakana kuti chilemacho chinadza chifukwa cha tchimo la munthuyo kapena la makolo ake. Asilamu akumbukire kuti Surah Al-Hujurat imaletsa kufufuzana ndi miseche, ndipo imayerekeza wamiseche ndi munthu wodya mnofu wa m'bale wake wakufa.

Munthu akati wachiritsidwa

Nkhani yoopsa kwambiri ndi ya anthu amene amasiya ma ARV atauzidwa kuti achiritsidwa. Nkhaniyi siyachilendo. Mu 1995 anthu miyandamiyanda anakhamukira ku Machinga kukamwa mchape kwa a Billy Goodson Chisupe, amene ankati analota mankhwala a Edzi. Anthu anamwa, koma maliro sanaleke. Lero chinyengo chomwecho chimabwera ndi madzi odalitsidwa, mafuta odzozera ndi mawu akuti kumwa mankhwala n'kuchepa chikhulupiriro.

Tiyeni timvetse zimene zimachitika m'thupi. Ma ARV sapha kachirombo konse. Amakatsekereza kuti kasaswane. Munthu akamamwa mokhulupirika, kawirikawiri pakatha miyezi isanu ndi umodzi tizirombo timachepa kwambiri m'magazi mpaka makina oyezera osationa. Kuyeza kumeneku ndi kumene kuchipatala timati viral load. Tizirombo tikachepa, asilikali a m'thupi amachulukanso, munthu amanenepa ndi kupeza mphamvu. Koma kachirombo kamakhala katabisala m'malo ena a m'thupi, kakudikira. Munthu akasiya mankhwala, pamangotha masabata ochepa kuti kayambenso kuswana. Iye samva kanthu msanga. Angathe kukhala miyezi ingapo akuchitira umboni kuti wachira, pamene asilikali ake akutha mwakachetechete. Akamadzagwa ndi chifuwa chachikulu kapena matenda oumitsa khosi, nthawi zina amafika kuchipatala mochedwa. Kumwa modumphadumpha nakonso kumapatsa mpata kachirombo kuti kazolowere mankhwala, mpaka amene ankamwa aja osagwiranso ntchito.

Pali zinthu ziwiri zimene zimasokoneza anthu. Choyamba, namwino akanena kuti tizirombo sitikuoneka m'magazi, ena amamva ngati wanena kuti kachirombo katha. Tanthauzo lake n'lakuti mankhwala akugwira ntchito, ndiye apitirize. Chachiwiri, munthu amene wamwa ma ARV kwa nthawi yaitali, akayezedwanso ndi kachipangizo kapachala kapena kodziyezera yekha ka m'kamwa, nthawi zina zotsatira zimaonetsa ngati alibe kachirombo. Izi zimachitika chifukwa zipangizozi siziona kachirombo kenikeniko. Zimafufuza zizindikiro zimene thupi limapanga polimbana nako, ndipo zizindikirozo zimatha kuchepa kachirombo kakagonja kwa nthawi yaitali. N'chifukwa chake munthu amene ali pa ma ARV salangizidwa kudziyeza yekha. Atsogoleri athu, wina akabwera ndi kapepala kapena kachipangizo n'kunena kuti wachiritsidwa, musathamangire kumuimiritsa kutsogolo kuti achitire umboni. Muuzeni apitirize mankhwala, ndipo muperekezeni akaonane ndi a chipatala.

Palibe amene akuletsa kupemphera. Odwala apemphereredwe, ndipo ambiri amatiuza kuti pemphero ndi limene limawapatsa mtima wodzuka m'mawa n'kumwa piritsi. Pa 2 Mafumu mutu 20, Mfumu Hezekiya itadwala inapemphera molira, Mulungu anaimva, komabe mneneri Yesaya analamula kuti aike nkhuyu pachotupa chake. M'chiphunzitso cha Chisilamu muli nkhani ya munthu amene Mtumiki Muhammad anamuuza kuti ayambe wamanga ngamira yake kenaka adalire Allah. Kumwa ma ARV ndiko kumanga ngamira.

Pali uthenga wina wabwino umene uyenera kumveka paguwa. Munthu amene akumwa ma ARV mokhulupirika mpaka tizirombo osaoneka m'magazi, sapatsira mnzake kachirombo pogonana. Kafukufuku wamkulu amene zotsatira zake zinatuluka mu 2011, ndipo mabanja a ku Blantyre ndi Lilongwe anatenga nawo mbali, ndi amene anatsegula maso a dziko lonse pa mfundoyi, ndipo kafukufuku wotsatira anaitsimikiza. Choncho mpingo umene ukulimbikitsa munthu mmodzi kumwa mankhwala ukutetezanso mkazi wake, mwamuna wake ndi mwana wobadwa mawa.

Kusala kudya, ukwati ndi achinyamata

Pa kusala kudya: akuluakulu ambiri masiku ano amamwa piritsi limodzi patsiku. Msilamu amene akufuna kusala m'mwezi wa Ramadhan apite kuchipatala mweziwo usanayambe, akakambirane zosunthira nthawi yomwera mankhwala kuti ikhale madzulo pomasula. Chisilamu chimalolanso wodwala kusasala n'kudzabweza masikuwo akapeza bwino. Akhristu amene amasala kapena kukwera kuphiri kukapemphera atenge botolo lawo ndi madzi. Kusala chakudya kusasanduke kusala mankhwala.

Pa ukwati: ndi bwino kuti ofuna kukwatirana akayezetse limodzi, ndipo abusa, mashehe ndi ankhoswe awalimbikitse kutero. Koma zotsatira ndi za awiriwo. Zisawerengedwe pa bwalo la akulu ampingo, ndipo zisakhale chifukwa chokanira kudalitsa ukwati. Banja limene mmodzi ali ndi kachirombo wina alibe lingathe kukhala bwino ndi kubereka ana opanda kachirombo. Kuchipatala kuli uphungu, makondomu, ndi mankhwala otchedwa PrEP oteteza amene alibe. Tikudziwa kuti zipembedzo zimasiyana maganizo pa za makondomu. Pempho lathu n'lakuti banja limene lalandira uphungu kuchipatala lisaweruzidwe chifukwa chotsatira uphunguwo.

Pa achinyamata: pakati pathu pali anyamata ndi atsikana amene anabadwa ndi kachirombo, ndipo ena tsopano ndi makolo. Ulaliki ukamati Edzi ndi malipiro a chiwerewere, mwana wa zaka 14 amene sanagonepo ndi munthu amamva bwanji? Ena amasiya botolo kunyumba akamapita ku msonkhano wa achinyamata wogonera komweko, poopa kuti anzawo amva kulira kwa mapiritsi m'chikwama. Masiku atatu, anayi, osamwa. Okonza misonkhano yotere asankhe munthu wamkulu mmodzi wosunga chinsinsi, ndipo makolo auzidwe kuti mwana aliyense womwa mankhwala a mtundu uliwonse angathe kudalira munthu ameneyo.

Lamulo likuti chiyani?

Dziko lathu lili ndi lamulo la HIV ndi Edzi limene linayamba kugwira ntchito mu 2018. Lamuloli limaletsa kusala munthu chifukwa cha kachirombo, limateteza chinsinsi cha zotsatira za magazi, limaletsa miyambo yoika anthu pachiswe monga kulowa kufa, ndipo limati kufalitsa uthenga wabodza wokhudza HIV ndi Edzi ndi mlandu. Wolengeza kuti amachiritsa Edzi adziwe kuti akulakwira lamulo.

Atsogoleri amene anatsogoladi

Mu 1992 Canon Gideon Byamugisha, wansembe wa Anglican wa ku Uganda, anaulula kuti ali ndi kachirombo. Amadziwika kuti ndi mtsogoleri wachipembedzo woyamba mu Africa kuchita zimenezi poyera. Kulimba mtima kwake kunabala mgwirizano wa atsogoleri azipembedzo amene ali ndi kachirombo kapena akhudzidwa nako, ndipo nthambi yake kuno kwathu ndi MANERELA+. Palinso Malawi Interfaith AIDS Association, imene inakhazikitsidwa kuti Akhristu ndi Asilamu agwirire ntchitoyi pamodzi. Mu Febuluwale 2004, Pulezidenti Bakili Muluzi, amene ndi Msilamu, anauza mtundu wonse kuti mchimwene wake anamwalira ndi Edzi, pa nthawi imene pamaliro tinkangoti wadwala nthawi yaitali. Mtsogoleri akalankhula zoona, anthu ake amapeza poyambira.

Zoti tichite

Atsogoleri ayambe ndiwo kuyezetsa. Abusa kapena shehe akauza anthu kuti iye ndi mayi a kunyumba anakayezetsa, ngakhale osanena zotsatira, abambo ambiri amatsatira. Abambo ndiwo atsalira kwambiri pa kuyezetsa.

Itanani a zaumoyo. Lankhulani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti adzaphunzitse kapena kukonza zoyeza magazi mapemphero akatha.

Sungani chinsinsi. Zimene munthu wakuuzani ngati mtsogoleri zithere pomwepo. Musazisandutse mutu wa pemphero la pagulu iye asanavomere.

Yang'anani mawu anu. Polalikira nenani kuti ife, chifukwa nkhaniyi ndi ya tonse. Phunzitsani kudziletsa ndi kukhulupirika popanda kuloza chala odwala.

Poyendera odwala, mukatha kupemphera funsani mwaulemu ngati akumwa mankhwala amene analandira kuchipatala ndiponso tsiku lobwererako. Funso limeneli ndi loyenera kwa wodwala aliyense, kaya ndi wa shuga, kuthamanga kwa magazi kapena chifuwa chachikulu, choncho silichititsa munthu manyazi.

Ikani padera kangachepe ka chopereka kapena sadaka kothandizira ulendo wa kuchipatala ndi chakudya kwa amene asowa, makamaka m'miyezi ya njala.

Amene anasiya mankhwala mubwezeni mwachikondi. Kuchipatala adzalandiridwa ndi kuyambiranso. Ngati akuopa, mmodzi wa inu amuperekeze.

Mafunso okambirana

1. Ndi mawu ati amene timamva mumpingo kapena mumzikiti mwathu amene angachititse munthu kubisa mankhwala ake?

2. Mnzathu wabwera n'kunena kuti anamupempherera ndipo wayezetsa alibenso kachirombo. Timuyankha chiyani, ndipo tichita chiyani tsiku lomwelo?

3. Kodi munthu amene waulula kuti ali ndi kachirombo angasankhidwe pa udindo pakati pathu? Ngati ayi, chikuletsa n'chiyani?

4. Tingawafikire bwanji abambo ndi anyamata amene sanayezetsepo?

5. Pa zoti tichite zija, ndi ziwiri ziti zimene tiyambe mwezi uno, ndipo atsogolere ndani?

Mawu otsiriza

Maiko a dziko lapansi anagwirizana kuti pofika 2030 Edzi isakhalenso chiopsezo pa umoyo wa anthu. Mankhwala alipo, ndipo Chiradzulu inaonetsa kale kuti munthu wa kumudzi amatha kuwamwa mokhulupirika. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Ife a zaumoyo tipereka botolo ndi uphungu, koma masiku onse otsalawo munthuyo ali m'manja mwanu. Mlembi wa gulu alembe zimene mwagwirizana pa funso lachisanu, ndipo mukakumananso mwezi wamawa muyambe ndi kufunsana kuti zatheka ndi ziti.